Womasulira

Ku Gomo tinafika kusanache,
bambo atandigwira mkono ngati kholo ndine.
Zaka makumi anayi ali mu Harare muno
koma akadwala Chishona chimawathawa,
amabuula m'chinenero cha kwawo ku Ntcheu.
Ndiye ine, wobadwira m'mafulati a Matapi,
ndinakhala pakati, mlatho wa thabwa limodzi.

Sisitala Marufu anawakoka chikope ndi chala.
Diso linali lachikasu ngati papaya lakupsa.
Anagogoda mimba, inayankha ngati chigubu chodzaza.
Kenako funso:
Sekuru amamwa angati pa sabata?

Ndinamasulira.
Bambo anayang'ana kudenga.
Uwauze awiri, iwo anatero. Loweruka lokha.

Awiri.
A Saulosi Kamzimbi, telala wa pakhonde,
odziwa chiuno cha theka la Mbare pamtima,
tepi pakhosi dzinja ndi chilimwe,
amene anandikwapulapo chifukwa cha kota ya inchi,
lero akuti awiri.

Ndinawerenga chamumtima.
Chibuku cha m'mawa, chotsitsira fumbi.
Cha masana, poti kasitomala walipira.
Cha madzulo, poti wina sanalipire.
Ndi timabotolo tija tokwana m'thumba la jekete,
kuno amati tumbwa, tiagalu,
togona m'dilowa ya makina pamodzi ndi mabatani.
Sitiuwa. Timangoluma.

Lilime langa linalemera ngati simbi ya makala.
Mwana saulula maliseche a kholo.
Komanso ndani amaika ulusi m'singano masiku ano
manja aja akayamba kuvina okha?
Ndani anachapa beseni la magazi Lachitatu usiku?

Ndinati: Tsiku lililonse, Sisitala. Kuyambira ndili kusukulu.

Bambo anamva. Chishona chinabwerera nthawi yomweyo.
Sanandiyang'ane.

Sisitala sanakalipe. Anatseka cholembera.
Anati: Muyezo wopanda vuto n'komwe
ine sindingaulonjeze munthu.
Wochepa uposa wambiri, ndi zokhazo.
Masiku ena azidutsa pakhosi pali pouma,
ndipo osasunga ludzu la sabata yonse
kuti ukalikhuthulire Loweruka.
Chiwindi ndi wantchito wosadandaula,
chimasoka chokha pomwe pang'ambika,
chigamba pamwamba pa chigamba,
mpaka nsalu itatha, patsale misoko yokhayokha.
Mtima nawonso umalemba ngongole, magazi amathamanga.
Kwa awa, ngakhale dontho ayi.
Koma asasiyire okha kunyumba mwadzidzidzi,
thupi lozolowera limagwa ndi khunyu.
Agone kuno.

Ndinamasulira zonse, osadula mpendero.
Pa mawu a chigamba bambo anagwedeza mutu,
mmisiri kuvomereza mmisiri mnzake.
Komatu chibuku ndi phala, anayesa motsitsa mawu.
Izo sindinamasulire.

Atawakweza pabedi, tepi ndinaivula ndine.
Inali yofunda, manambala oyambirira atafufutika.

Pakhomo Sisitala anandiimitsa.
Ananunkhiza mpweya wanga mosabisa,
wa dzulo, wa pasiteji ya makombi ku Copacabana
pomwe timaitana anthu mpaka mawu kusasa
ndipo kenako timathirira pakhosi.
Ko iwe? Angati?

Ndinacheuka kufuna womasulira.
Munali ine ndekha m'khonde lonse lija.

Awiri, ndinatero.
Mawuwo anatuluka ndi liwu la bambo,
ndi kuyang'ana kudenga komwe kuja.

Tsopano ndi Lachisanu, dzuwa lapendeka.
Ndakhala pa makina awo, dola imodzi m'thumba,
buluku la mwana wasukulu likudikira zipi.
Kutsidya kwa msewu ayamba kale kukhutchumula zigubu.
Wina wandiitana ndi dzina, kawiri.
Ndanyowetsa ulusi ndi malovu,
ndatsinzina diso limodzi.
Walowa ulendo wachitatu.
Ndikuwerenga.