Woyankha Nambala Seveni

Ndinatsika chapa pa Ulongwe ndi mafunso makumi anayi
olembedwa m'Chipwitikizi,
ovomerezedwa ndi aphunzitsi atatu ku Maputo
amene sanasenzepo thumba la kachewere.
Digiri yachiwiri, ya chikhalidwe cha anthu.
Mutu wanga: ngongole za amayi a pamsika,
amakongozana bwanji popanda pepala.

Azakhali a Felizarda anazondotsa ndowa kuti ndikhalepo.
Nditayatsa kojambulira mawu anaseka:
"Ukufunsa ngati wapolisi wa pachipata cha Kalomwe."

Miyezi inayi ndinkalemba.
Ndinalemba za mfundo za pansonga ya chitenje,
mfundo iliyonse munthu wake.
Ndinalemba kuti Nangozo atataya mwana
ngongole yake inagona mpaka tsiku lometa,
ndipo palibe anaidzutsa ngakhale ndi diso.
Usiku magetsi akathima ndinkawalitsa foni
pa mabuku a anthu akutali, ena anafa kale,
otchula zonsezi ndi mawu aatali
ngati sitima ya malasha ya ku Moatize.

Lamulo la sukulu likuti mayina abisidwe.
Choncho pa tsamba 63 azakhali anasanduka
Woyankha Nambala Seveni,
wamasiye, wa zaka pafupifupi makumi asanu.

Ndinawawerengera, ndikumasulira mzere ndi mzere.
Sanasiye kusankha mbatata,
zazikulu uku, zobooka uko.
"Pafupifupi?" anatero.
"Nanga Seveniyo ndi mwana wa yani?
Chaka chija mvula inaoletsa zonse m'nthaka,
makina anga osokera anapita pa njinga ya mwenye
kuti iwe ulembe mayeso.
Anagulitsa ndi Seveni?"

Ndinati ndi njira yokutetezerani.
"Kwa ndani?"

Kenaka anatembenuza chitenje cha m'kati,
chija savula ngakhale kutenthe.
Panali kamfundo kakang'ono, kakuda ndi thukuta,
kouma koti ngakhale mano sangamasule.
"Aka sunafunse."

Kojambulira kanali katazima.

Tsopano ndili ku Tete, m'chipinda cha lendi pafupi ndi mlatho,
fani ikungotakasa kutentha.
Lachisanu ndiyenera kutumiza mutu wachitatu.
Ndafufuta Seveni, ndalemba Felizarda,
ndafufuta Felizarda.
Pansi pa tsamba pali malo a ndemanga zazing'ono,
koma sindikudziwa kuti wofufuza amalemba pati
akapezeka kuti iye mwini
ndi mfundo pa nsalu ya woyankha.