Anthu a Chilembo Chimodzi

M'chipinda chapansi ku Braamfontein
amandibwereka magolovesi oyera
ndi makope asanu ndi limodzi a Yosofati Kambalame,
kalaliki wa pa mgodi, wolemba nthano usiku nyali ikufuka.
Mabuku ake awiri tinaloweza kusukulu,
koma anzake sitikumudziwa ndi mmodzi yemwe.

Mayina sankalemba.
Ankadula mutu wa dzina, thunthu n'kutaya.

"Lachitatu. T. wandikongoza mashereni atatu.
Mvula. Nsapato yakumanzere yayasama."
"Loweruka. Kwa Mayi B. tinaimba mpaka tambala woyamba,
wachipewa chobiriwira uja analira osanena chifukwa."
"Lamulungu. N. sanabwere."

Miyezi inayi tsopano, ine ndi pensulo yanga
(inki muno salola)
tikusaka anthu a chilembo chimodzi
m'kaundula wa Wenela, m'buku la ubatizo la ku Newclare,
pa miyala ya manda yomwe mvula inanyambita kale.

Mayi B. sanavute:
Berita Seleke, wofulula mowa mu msewu wa Gerty,
anamulipiritsa kawiri, kachitatu n'kumutsekera.
Khoti linamusunga bwino kuposa abale ake.

T. ndiye anandizunguza mutu.
Tomasi wa ku Ntcheu thanthwe linamugwera
chaka chathunthu ngongoleyo isanachitike.
Tadeyo wa ku Dedza analibe ngakhale bulangeti lakelake.
Kenaka ku Meadowlands, pakhonde la nyumba yonga bokosi la machesi,
mkulu wina, Filimoni, mwana wa mtchona,
amene Chichewa chinamutsalira cha moni ndi chotukwana basi,
anaseka mpaka kutsokomola:
"T. si dzina, mwana iwe. Telala! Bambo anga amenewo.
Ndipo mashereniwo sanabweze.
Wabwera nawo?"
Ndinamugulira buledi ndi shuga.
Anati chiwongoladzanja chatsala.

Wachipewa chobiriwira ndamusiya.
Mu Joni wa nthawi imeneyo aliyense anali ndi chipewa,
aliyense anali ndi cholirira.

Koma N.
Kasanu ndi kawiri m'kope loyamba, makumi asanu m'makope enawo.
"N. wandisokera batani."
"N. akuti ndisiye fodya, iye akusuta wanga."
"N. chifuwa chamuyambanso."
"Tinayenda ndi N. mpaka ku Fordsburg osayankhulana, zinali bwino."
Mkazi kodi? Mwamuna? Mnyasa, Msutu, Mzulu?
Chichewa chathu sichiulula,
iye ndi iye basi,
ndipo Yosofati ankadziwa zimenezo.

Febuluwale wa 1955, malole atafika ku Sophiatown,
tsamba lili ndi deti lokha pamwamba.
Lotsatira ndi mtengo wa makandulo.
N. sakupezekanso.

Ndinapitako dzana.
Pomwe mapu akale akuti panali chipinda chake
pali mpanda wa waya wamagetsi
ndi galu wonenepa amene sanamvepo za munthu aliyense.

Dzulo, ndikutseka kope lomaliza,
ndinaona kuseri kwa chikuto timalemba tonga nyerere:
"Apolisi amadziwa kuwerenga."

Ndinavula magolovesi.
Munthu anabisa anzake m'mano a fisi,
aliyense kumufunditsa chilembo chimodzi ngati nsanza,
ndiye ine, zaka makumi asanu ndi awiri zitapita,
ndi ndalama za yunivesite ndi chiphaso chapakhosi,
ndikumalizitsa ntchito ya kapitawo wa polisi.

Telala ndimulemba, mwana wake walola.
Berita khoti linamuulula kale.
Pa mawu a m'munsi a nambala 57 ndalemba kuti:
"N.: sanadziwike."
Sindikudziwa ngati ndikudandaula kapena ndikulonjeza.

Panja maminibasi akuimbirana mahutala mu Jorissen.
Mnyamata wogulitsa matchaja wamva ndikuyankha foni,
wamwetulira: "Achemwali, ndinu akumudzi? Dzina ndani?"
Kumbuyo kwake veni ya polisi yaima, injini ikulira.
Lake sindinamufunse.