Koloboyi Atsike Kaye

Ku Thekerani, kuseri kwa nthochi za a Mulekano,
kuli dzenje lomwe tinakumba miyezi isanu,
anthu anayi, mapiki awiri, ndowa yobooka,
kulondola mwala wonyezimira
umene wina anati ku Limbe amagula pa sikelo.

Ine yanga inali chingwe.
Ndinachimanga mfundo khumi ndi ziwiri, kupima kuya kwake.

Malume, a Nakhumwa, anatha zaka ku migodi ya ku Joni,
anabwerako ndi jekete, wailesi
ndi chifuwa cholira ngati chitseko chadzimbiri.
Ankakhala pa chitsa cha bulugama n'kumatiyang'ana.
Amvekere: pansipo pamagona mpweya
wosanunkha, wosaoneka,
womwewu timatulutsa popuma, womwe makala amalavula,
koma ngolemera, umadikha pansi ngati madzi pa chithaphwi.
Akapitawo ankati kaboni dayokisaidi.
Kumeneko kunali makina opima, zokupizira mphepo zazikulu ngati nyumba,
ndipo m'migodi ya malasha moto unali mlandu.
Inu mulibe zonsezo. Muli ndi koloboyi.
Musanatsike, atsike kaye iyeyo.
Lawi likafupika, likagwada, likazima,
m'menemo mulibe chanu.

Tinkaseka. Malume, palafini anakwera mtengo.

Chiperoni chinatitsekera m'nyumba sabata yathunthu,
dzenje lili chivundikirire ndi malata,
mitengo yochirikiza ikuwolera m'kati.
Dzuwa litatuluka Layisoni sanadikire ndi tiyi yemwe.
Mkazi wake anali wodwala pakati,
ngongole ya feteleza ikugogoda pakhomo.
Anaponda m'goli la chingwe, natsika akuimba mluzu.

Mfundo yachisanu, mluzu.
Yachisanu ndi chitatu, mluzu.
Atafika pansi chingwe chinapepuka,
ndinamva piki kugunda kawiri,
kenako zii.

Layisoni!
Dzenje linandibwezera dzina lokhalo.

Mng'ono wake Dayitoni anali atavula kale malaya,
mwendo umodzi uli m'kamwa mwa dzenje.
Malume, amene popita kutchalitchi amapumira katatu m'njira,
sindidziwa anafika bwanji.
Anamugwira m'chiuno, onse awiri khu! m'matope.
Dzenjeli likufuna awiri, anatero akutsokomola,
usalipatse.
Dayitoni anawaluma pamkono. Sanamutaye.

Tinatsitsa koloboyi pa ulusi.
Pa mfundo yachisanu ndi chinayi lawi linachita manyazi,
linafiira, linakhala pansi,
thi.

Tinamanga ambulera yotambasula ku chingwe,
kutsitsa, kukweza, kutsitsa, kukweza,
kutunga chinthu chosaoneka n'kukachitaya kumunsi.
Amayi obwera kumtsinje anakupiza ndi masamba a nthochi,
ana anathamangira kuchipatala.
Koloboyi anazima kachiwiri, kachitatu.
Pamene anafika pansi ali moyo
dzuwa linali litapendeka.

Tinamutulutsa wopanda bala ngakhale limodzi,
dothi lofiira patsaya,
ngati munthu amene wangotopa.

Mwana anabadwa nthawi yokolola nandolo. Ndi wamkazi.
Dayitoni mpaka lero sapereka moni kwa malume;
akakumana pa msika amayang'ana kumbali.
Malume amangosisita chipsera cha mano pamkonopo
n'kumati, msiyeni, wokwiya ndiye kuti akupuma.

Dzenje tinalikwirira. Pamera chisoso.
Mwala uja sitinaupeze.

Masiku ano ndimakumba zitsime cha ku Luchenza.
M'chiuno chingwe sindimasula, ngakhale ndili pansi,
ndipo pamwamba pamakhala munthu wosachoka.
Eni chitsime amadabwa
kundiona ndikuyatsa nyali dzuwa lili paliwombo.
Ena amati ndi zitsamba, ena amati mutu.
Sindiyankha.
Ndimagwada pamphepete, ulusi ukutsetsereka m'zala,
maso pa kadontho ka moto kakuchepera mumdima,
ndikuwerenga mfundo chamumtima,
ndipo ndikafika yachisanu ndi chinayi
ndimapezeka kuti nanenso ndasiya kupuma.