Mng'alu wa Kumsana

Anafika pa shedi yanga ku Kamwendo
dzinja lija Bua anakokolola ulalo,
atabereka chinthu ngati mwana wodwala,
chokulunga m'bulangete, chomanga ndi mphira.
Ndinayesa maliro.
Ndinavula chipewa.

Iye anangoseka, namasula mfundo imodziimodzi.
"Chelo," anatero. "Chathyoka msana."
Ine wokhoma zitseko ndi mabokosi a akufa
ndinali ndisanagwirepo thabwa lopyapyala chotero,
lokhala ndi chiuno,
lonunkha utsi wa mudzi wina.

Kusitodiyo Nyamazi, wa ku Beira.
Nkhondo inampeza akuphunzitsa ku Tete.
Masiku khumi ndi anayi m'thengo, kuyenda usiku wokhawokha,
anzake atasenza ufa, ena mbuzi,
iye bokosi lopanda kanthu m'mimba.
Ankamunena wamisala.
Mkazi wake Filomena anatsala pa mtsinje wina
umene sanautchule dzina mpaka kufa.

Tinamata mng'aluwo ndi guluu wa zikopa,
kuukulunga ndi machubu a njinga masiku atatu.
Nsambo imodzi inadukira pamalire,
tinaikapo waya wa buleki.
Uta tinauveka mchira wa ng'ombe,
utomoni tinakakanda pa paini ku Kachebere
mlonda akuyang'ana kumbali.

Atakoka uta koyamba
nkhuku zinaleka kupalasa.
Si kulira kwa kaligo, ayi.
Ndi mawu a bambo amene akudziletsa kulira
chifukwa ana akumuona.

Anaimba m'maukwati, namlipira mtedza.
Anaimba m'tchalitchi, namlipira zikomo.
Nyimbo zake ankalemba pa mapepala a matumba a simenti,
timadontho takuda pa mizere isanu
ngati akhwangwala pa mawaya a magetsi.
Ina ya sitima yochedwa,
ina ya amayi osankha fodya,
ina ya ine, yophokosera ngati sowo yobuntha,
ndipo ndinakwiya nayo sabata yathunthu.

Malole atabwera kudzatenga anthu kubwerera kwawo
iye anaima pamsewu, manja kumbuyo.
"Ndikagogode chitseko cha yani?"
Fumbi litatha anabwerera ku shedi
kudzandibwereka misomali.

Kamodzi kunabwera anyamata a wailesi ndi makina awo.
Anameta ndevu, nabwereka jekete langa.
Tinadikira miyezi isanu khutu lili pa wailesi.
Tinamva kuti tepi ija anajambulirapo
uthenga wa feteleza.
Usiku umenewo anaimba mpaka batire la tochi kutha.

Pali nyimbo imodzi yopanda dzina.
Pakati pake ankaima, uta m'mwamba,
nsambo zili zii,
milomo yokha ikuwerenga.
Osadziwa ankayamba kuomba m'manja.
Ine ndinawerenga naye tsiku lina:
khumi ndi zinayi.
Sindinamfunse.

Tinamuika kumanda a kuseri kwa msika,
m'bokosi la mlombwa lomwe sindinalipiritse munthu.
Chelo anasiyira Dolika,
mwana wa mayi wogulitsa zitumbuwa,
amene ankabisala kuseri kwa matabwa kumvetsera
mpaka tsiku lomwe anayetsemula.

Lero Dolika ali ndi imvi ziwiri zitatu
ndi ana asanu ndi mmodzi owaphunzitsa pakhonde,
chelo chimodzi, kulandizana ngati chikho pa chitsime.
Mapepala a simenti aja chiswe chinadyako,
pomwe padyedwa amaikapo zake.
Koma akafika pamalo paja amaima,
uta m'mwamba,
ana n'kumayang'anana.

Okutobala aliyense, kutentha kukafika pa msana wa njira,
mng'alu uja umatsegukanso.
Amabwera nacho atabereka.
Manja anga anjenjemera tsopano,
guluu amatayikira pa mawondo,
koma ndimatenthetsabe kachitini kaja pa makala,
n'kuuza mdzukulu wanga:
gwira apa, usafinye kwambiri,
thabwali linayenda ulendo wautali.