Mbale Nambala 14

Lolemba m'mawa ndinawalanda chakudya.
Ndiyo ntchito imene amandilipira kuno ku Mount Pleasant:
kutsuka mabakiteriya onse m'mbale ya galasi,
kusiya timaselo ta m'dothi tili kukamwa yasa,
n'kulemba nthawi pa chivindikiro.

Dokotala Nyamadzawo amati ndi chuku choterera.
Tikakhuta, kalikonse kamayenda kokha,
osapatsana moni,
ngati anthu otsika kombi pa Copacabana.

Koma njala ili ndi belu lake.
Pakapita maola asanu ndi limodzi, kamodzi kamakuwa,
kanzake n'kulandira mfuuyo n'kuiponya kutsogolo,
ndipo m'diso la maikulosikopu ndimaona timitsinje
tikutsikira pamodzi, waa, ku chulu chimene kulibe.

Amayi nditawauza kuti ndimagwira ntchito ndi majini
anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kukatenga Baibulo.
Ndinaseka, komatu sanaphonye kwenikweni.
Majini amenewa amagona m'kati mwa selo, zii,
mpaka mimba italira.
Pamenepo ena amadzuka, ena amatsekeredwa m'chipinda,
ndipo odzukawo amasula timipeni.

Maenzaimu, amatero mabuku.
Amadula mapuloteni a mwini nyumba yemweyo,
mnofu wa dzulo usanduke kamba wa paulendo.
Ndikadaya jelo ndi utoto wabuluu
sindiwaona iwo ayi.
Ndimaona mizere yoyera pamene adya.

Chaka chimene fakitale ya ku Willowvale inatseka
bambo anagulitsa njinga.
Kenako wailesi.
Kenako jekete imene anabwera nayo kuchokera ku Ntcheu.
Pakhoma la ku Mufakose
misomali inatsala ili penapene, yosakoleka kanthu.

Usiku magetsi anazima, jeneleta inakana.
Ndinaunika ndi foni.
Chulu chija chinali chitagwa cham'mbali, chasanduka kankhono kopanda chigoba,
kakukwawira kuwala kwa m'manja mwanga
ngati ndili ndi chokapatsa.

Lachiwiri kanaima.
Apa m'pamene sindikonda kuyang'ana, koma ndimayang'ana.
Mwa maselo asanu alionse, limodzi limadzikhuthula,
kuuma, kukhala phesi,
kuti anayi aja akwere pamsana pake
akadikire mphepo.
Palibe amalifunsa.
Dokotala akuti zimatengera kuti njala inakupeza uli potani.

Ife tinabadwa asanu.
Njala inawapeza achemwali a Felesiya ali Fomu 2.
Mpaka lero amakwezera anthu matumba a mbatata pa Mbare Musika,
khosi lawo linalowa m'mapewa.
Wina wa ife ali ku Leeds, wina ku Polokwane,
wina sitidziwa.
Ine ndavala gauni loyera,
ndikuwerenga timitu tachikasu pamwamba pa mapesi.

Mazana awiri ndi asanu ndi atatu.
Ndalemba m'kaundula.
Pa fomuyi palibe danga la mapesi.

Panja jakaranda wathothokera pa galimoto ya Dokotala.
Mbale ikudikira moto wa otokilevu.
Nambala ya achemwali ili pa foni, chala changa chili pomwepo,
koma ino ndi nthawi imene malole a ku Nyanga amafika,
ndipo manja awo onse awiri ali m'mwamba.