Kungokhala

Pa kiliniki ya ku Kalingalinga ndimakhala kuseri kwa windo,
cholembera m'manja, kaundula patsogolo.
Mafunsowa sindinapange ndine.
Ndinawapeza alipo kale,
monga mpando wanga wotsimphina uwu.

Lachiwiri kunabwera Mayi Zelipa Njobvu,
chala chomanga ndi kansanza kofiira.
"Mumagwira ntchito yanji, mayi?"
"Ayi mwanangu, ndimangokhala."

Dzanja langa linathamanga lokha
kuti likakhwatche kamzere m'kabokosi,
koma maso anagwera pa zikhatho zawo,
zotuwa ndi fumbi,
zong'aluka ngati dambo la mu Okutobala.

"Nanga chalachi?"
"Nyundo. Ndimaswa miyala pamsewu wopita ku Mtendere."
"Kuyambira liti?"
Anawerengera pa ana:
"Ndili ndi pakati pa Tikambenji.
Pano akulemba mayeso a giredi thwelofu."

Zaka zonsezo, mayi, mukungokhala!
Ndi mawilibala angati achoka pamulu wanu
kukagona pansi pa nyumba za ku Kabulonga?
Kukhala mumakhaladi,
pansi, miyendo tambalale, mwala pakati,
koma kakuti "ngo" aka
anakuikirani pakamwa ndani?
Kakang'ono ngati thekenya,
kolowa osagogoda,
mawa lake phazi lonse latupa.

Ndinalemba: woswa miyala.
Kabokosi kanachepa, mawu anasefukira kunja.

"Mutu wa banja ndani?"
Anatchula bambo amene anakwera basi ya ku Kitwe
mvula zisanu ndi ziwiri zapitazo
nakaiwala njira yobwerera.
Mutu uli ku Kitwe,
koma thupi likulipira lendi,
likutunga madzi, likusaina malipoti a kusukulu.

"Kwanu n'kuti?"
"Ku Katete."
"Munapitako liti?"
"Kamodzi, pamaliro. Ndinasochera pofuna manda."
Mchombo wawo unagwera ku Chawama,
mano anamerera ku Chawama,
koma funso langa linali litawapakirira kale katundu,
ngati Lusaka ndi siteshoni chabe
pomwe tonse tikudikira basi.

Madzulo m'minibasi makutu anakana kutseka.
Wina pafoni, akudzitama:
"Lero ndamuthandiza mkazi wanga kulera mwana."
Mwana wa yani, achimwene?
Kumbuyo amayi awiri akukamba za ukwati wa Loweruka,
mnyamata wakwatira, mtsikana wakwatiwa,
wina wachita, wina wachitidwa,
chonsecho kutchalitchi analowa ndi miyendo yawo onse awiri.
Ndinafuna kuwaseka.

Ndiye ndikufika kunyumba,
kamphwanga Ganizani kagwa panjinga, kakulira,
ndipo ndinamva mawu akukwera pakhosi panga,
okonzeka, osalala ngati ndalama yakale:
"Usamalire ngati..."
Ndinawaluma asanatuluke.
Anali owawa.
Sindikumbuka tsiku lomwe ndinawameza.

Tsopano pawindo ndimafunsa mwina:
"Dzulo manja anu anagwira chiyani?"
Ndimamva za makala, za zitumbuwa,
za agogo odwala ofunika kuwatembenuza katatu usiku.
Mzere ukuyenda pang'onopang'ono.
Asisitala aakulu andiyang'ana kale kawiri
pamwamba pa magalasi awo.

Lachisanu Mayi Zelipa anabweranso kudzasintha bandeji.
Anasuzumira pakhadi lawo,
nandipempha ndiwawerengere.
Ndinawerenga.
Anaseka mpaka kugwira khoma.
"Ndiye kuti mwandilemba ntchito, bwana?"

"Ayi mayi, ine ndango..."

Ndinaima.
Anandiyang'ana, nsidze m'mwamba,
chala chabandeji chili cholozera kumwamba,
kudikira kuti ndimalize.