Khomo Lopanda Loko

Ikakwana folo koloko ndimakhoma laibulale,
makiyi n'kuwaponya m'chikwama pamodzi ndi chenji ya kombi.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndachita zimenezi kuno ku Mufakose,
ndipo zaka zonsezo mabuku ankagona okha mumdima
ngati odwala amene belu lawathamangitsira alendo.

Buku la bayoloje la Fomu 4 tili nalo limodzi.
Limodzi basi.
Chikuto chake ndachimata ndi selotepi kasanu,
tsamba la mtima wa munthu linang'ambidwa kalekale,
koma ana makumi asanu ndi limodzi amalidikirabe pamzere
monga timadikirira pamjigo mipopi ikauma.

Ndiye kunabwera Kudzanai,
yemwe uja ndinkamukalipira chifukwa chodyera maputi kuseri kwa mashelefu,
lero wandevu, laputopu kukhwapa.
Anati, Mayi Kapalamula, tiboole khomo lina.
Ine ndinayang'ana khoma. Iye anaseka.

Masabata atatu tinakhala tikulemba mayina a mabuku,
iye akutayipa, ine ndikuwerenga mokweza,
fumbi likutiyetsemulitsa mosinthana.
Mapepala a mayeso akale tinawajambula limodzilimodzi.
Aphunzitsi a sayansi anajambulanso mtima uja ndi dzanja lawo,
mitsempha yofiira, mitsempha yabuluu,
nauika pa webusaiti kuti uzigunda m'foni ya aliyense.

Tionenji sakhala m'laibulale. Sangathe.
Belu likangolira amathamangira ku Mbare
kukathandiza mayi ake kuunjika tomato,
amabwerera kwawo nyenyezi zitatuluka, manja akununkha makatoni onyowa.
Koma Lolemba ndinamupeza pakhomo ndisanatsegule:
Mayi, buku la mapu lija lili pa shelefu yachitatu,
ndaliona usiku, magetsi atabwera leveni koloko,
ndalembetsa kale dzina langa.
Nthawi imeneyo ine ndinali ndikuliza mkonono,
makiyi ali phee m'chikwama,
mwana wa eni ake akuyendayenda pakati pa mabuku anga
osaponda pansi.

Ndisaname, khomo ili nalo lili ndi mlonda wake,
dzina lake ndalama.
Bando imatha ngati shuga wa m'nyumba ya alendo.
Kwa a Ganizani foni ndi imodzi,
ndipo usiku imapita kukalondera fakitale ku Msasa m'thumba la bambo ake.
Ameneyo ndimamusindikizira papepala,
inki ikatha ndimamukopera ndi bolopeni.

Bambo anga anachoka ku Dedza wapansi
kudzaphika m'makhitchini a ku Avondale.
Sankadziwa kuwerenga.
Kalata yakumudzi ikafika Lachiwiri ankaisunga pachifuwa mpaka Lamulungu,
kudikira wowawerengera akatuluka m'tchalitchi,
osadziwa ngati anyamula maliro kapena ukwati.
Kudikira kumeneko ndimakudziwa nkhope yake,
ndakuona pamzere wa buku la bayoloje.

Mwezi watha kunabwera uthenga pa webusaiti,
mphunzitsi wina wa ku Dedza komweko,
sindimudziwa, sandidziwa,
akupempha ngati angaonetse ana ake mtima wathu uja.
Ndinakhala pansi.
Ulendo umene unatupitsa mapazi a bambo anga mwezi ndi theka
mtima wojambula ndi pensulo unauyenda usiku umodzi,
wopanda chiphaso, wopanda kamba.

Lero ndakhomanso folo koloko.
Loko walira monga mwa masiku onse.
Mu kombi, titapanikizana anayi pampando wa atatu,
foni yanjenjemera pantchafu:
wina wa Fomu 2, sanalembe ngakhale moni,
akufunsa ngati buku la nyenyezi labwezedwa.
Ndayankha ndi chala chimodzi, kondakitala akundikumbutsa ndalama:
labwera, ubwere mawa m'mawa,
koma usambe m'manja.